Chibangili Nambala Seveni

A Sajeni anatseka chitseko chachikulu cha wodi ya odwala mtima, anapotokola kiyi, n'kumuponya m'thumba la malaya.

"Palibe atuluke," anatero. "Wodwala, namwino, wokolopa, ngakhale inu mayi wa makina. Tonse tikhala muno mpaka ndimve kuti zimatheka bwanji munthu kufera pa masitepe, makina ali pano akunena kuti ali bwinobwino."

Mayi wa makinayo odwala ankamutchula kuti Mai Batire, chifukwa Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse ankabwera ndi kachikwama kake kudzayang'ana mabatire a zibangili zomwe iwo ankavala pamkono. Zibangilizo zinkamvetsera kugunda kwa mtima wa wodwala aliyense n'kumatumiza uthenga ku kabokosi koyera ka pa tebulo la anamwino. Mtima ukayamba kupotoza, kabokosiko kankaliza belu. Lero mtima wa a Telala, wodwala wa pa bedi nambala seveni, unaima, koma belu silinalire.

Wodiyo inali pansanjika yachitatu. Mawindo ake anali ndi zitsulo, ndipo sankatseguka kupitirira chikhatho. Dzuwa lopendeka linkawomba magalasi, mpweya n'kumanunkha mankhwala okolopera ndi thukuta. Njira zotulukira zinali ziwiri zokha: chitseko chimene a Sajeni anali atangokhoma, ndi chitseko chachitsulo cha kumapeto kwa khonde, cholowera ku masitepe akuseri. Kuseri kwa chitseko chachitsulocho n'kumene a Telala anapezeka cha m'ma 4 koloko, atakhala pansi motsamira khoma, chibangili chawo chili pamkono.

Amene anaitana apolisi anali mwana wawo wamkazi. Anali atakhala pa bedi la bambo ake, atafumbata magalasi awo amaso.

"Bambo anga sanangogwa n'kufa ayi," anauza a Sajeni. "Mwaona zala zawo? Zasupuka mpaka magazi. Ankamenya chitseko chija, palibe anawatsegulira." Kenako anatembenukira kwa Mai Batire. "Ndipo inu munatiuza ndi pakamwa panu kuti ndi kachibangili kameneka, ife kunyumba tiziika mtima pansi."



*

A Sajeni anasandutsa kachipinda kosungira mabulangete kukhala ofesi. Munalibe windo. Munangokwana mipando iwiri, ndipo Mai Batire anamukhazika pakona, pa mulu wa mapilo, laputopu yake ili pamiyendo.

"Ndifotokozereni ngati mukufotokozera munthu wa mutu wouma," anatero, akunola pensulo yaifupi ndi lezala. "Zimalankhula bwanji zinthu zanuzi?"

"Chibangili chilichonse chili ndi batire laling'ono ngati batani la malaya, bwana. Chikamakuwa kuti mawu akafike ku tebulo la anamwino, batire lingathe tsiku limodzi. Ndiye sichikuwa, chimanong'ona. Chimanong'oneza chinzake chimene chili pafupi, osapitirira mamita khumi. Chinzakecho chimapatsira china, mpaka uthenga utafika ku kabokosi. Khonde ndi lalitali, n'chifukwa chake anamwino nawonso amavala, kuti poyendayenda azithandiza kupatsira mauthengawo."

"Makina a miseche," a Sajeni anatero osaseka. "Ndiye miseche ya lero ikuti chiyani za a Telala?"

"Ikuti mtima wawo unkagunda bwino mpaka 4 koloko itatsala pang'ono."

"Dokotala akuti anamwalira isanakwane 3. Wina akunama pamenepa. Dokotala kapena makina anu?"

"Ndipatseni nthawi ndiyang'ane, bwana."

"Nthawi muli nayo. Kopita mulibe."

Panali chinthu chimodzi chimene Mai Batire sananene. Kale munthu akavula chibangili, belu linkalira nthawi yomweyo. Koma mbali yomva khungu la munthu inkadya batire kwambiri, ndipo anamwino ankadandaula kuti belu likumalira wodwala akangofuna kusamba. Sabata yatha, osauza mabwana ake, Mai Batire anaizimitsa mbali imeneyo. Mabatire anayamba kutha masiku khumi m'malo mwa anayi, ndipo aliyense anamuyamikira.

*

Woyamba kuitanidwa anali a Matroni, mkulu wa anamwino a mu wodiyo. Analowa yunifolomu ili nga, anakhala chowongoka, manja pamaondo.

"Ndinatsika ku msonkhano wa akuluakulu, pansi penipeni pa nyumba ino, hafu pasiti 1," anatero. "Buku la msonkhano ndinasaina, mukhoza kukaliona. Ndinakwera 4 koloko itatsala pang'ono. Bedi seveni ndinalipeza lopanda munthu. Ndinafunafuna, ndinachotsa mpiringidzo pa chitseko chachitsulo, n'kuwapeza."

"Mpiringidzowo anaika ndani?"

"Lamulo ndi lakuti chitseko chija chizikhala chotseka. Amachitsegula ndi wokolopa. Mufunseni iyeyo."

"A Telala anali wodwala wotani?"

"Wosamva. Katatu konse ndawagwira pa chitseko chachikulu atavala nsapato, akuti akufuna kukaona shopu yawo. Ine, bambo, ndagwira ntchito ino zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Zinthu izi zisanabwere tinkayenda bedi ndi bedi ndi maso athu." Anayang'ana Mai Batire kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Lembani kuti makina alephera. Nkhani yake ndi yomweyo."

Wachiwiri anali mayi wokolopa. Anakana kukhala pampando. Anaima pakhomo akupotokola nsonga ya epuloni.

"Ine bwana ndilibe mawu, ndine wokolopa chabe. Ndowa yanga imakhala kuseri kwa chitsekocho, siine ndinasankha, ndinapeza zili choncho. Ndiye titangomaliza kudya ndinatsegula, ndatenga ndowa, chitseko ndachisiya, poti ndimati ndibwerera pompano, koma ku bafa la amuna kunali zinthu, bwana, sindinganene pamaso panu."

"Munabwerera nthawi yanji?"

"Cha m'ma hafu pasiti 2. Ndapeza mpiringidzo uli m'malo mwake. Ndinati kaya wina wanditsekera, zikomo kwambiri, ndowa ndinangokaisiya ku bafa."

"Simunamve kalikonse kuseri kwa chitsekocho?"

Mayiyo anasiya kupotokola epuloni. "Ndinamva ngati kanthu kakukanda m'munsi. Pang'onopang'ono. Ndinati ndi khoswe." Anagwira pakamwa. "Mayo ine, anali iwo eti?"

A Sajeni anadikira kuti apume kaye. "Munthu akatsika masitepe amenewo, amakatulukira kuti?"

"Satuluka, bwana. Chitseko cha pansi chili ndi unyolo chiyambire chaka chatha. Antchito tonse tikudziwa. Odwala okha ndiwo sadziwa."

Mai Batire anatsinzina. Anaona m'maganizo mwake bambo wa mtima wofooka akutsika nsanjika zitatu, akupeza unyolo, akukweranso sitepe ndi sitepe, n'kudzapeza kumtundanso kotseka. Atatsegula maso, anayang'ana manambala a pa laputopu kuti asalire. Apo m'pamene anaona chinthu chachilendo.

"Bwana," anatero motsitsa mawu. "Tabwerani muone."

Anaika mizere iwiri pamodzi, wa chibangili seveni ndi wa chibangili eyiti. M'mawa wonse mzere wa a Telala unkadumphadumpha, monga mtima wawo unkachitira masiku onse. Koma kuyambira mphindi khumi isanakwane 2 koloko, unakhazikika. Seveni ikati 72, eyiti 72. Seveni ikati 75, eyiti 75.

"Mitima iwiri sigunda chonchi, ngakhale ya mapasa," anatero Mai Batire. "Uwu ndi mtima umodzi. Munthu wa pa bedi eyiti anavala zibangili ziwiri."

*

Pa bedi eyiti pankagona a Dalaivala, bambo wonenepa amene anayendetsa mabasi mpaka miyendo itayamba kutupa. Wodi yonse inkawadziwa ndi nthabwala. A Sajeni anakoka nsalu yotchinga kuzungulira bedi lawo, atatuwo n'kukhala mothithikana ngati m'hema.

"Mwabwera kudzandilipitsa chindapusa cha liwiro, bwana?" a Dalaivala anayesa kuseka. "Masiku ano ndimayenda kuchoka pano kukafika ku chimbudzi basi, ndipo ndimaima pa siteji iliyonse."

"Bambo," Mai Batire anatero, atagwada pambali pa bedi, "chibangili cha anzanu munachivala pati?"

Kuseka kuja kunazima. A Dalaivala anatulutsa mwendo m'bulangete. Pamwamba pa kakolo wotupayo panali mzere wofiira umene lamba anasiya.

"Mwana wanga, ine ndamupha mnzanga," anatero. "Taonani pa windo apo. Mwaiona shopu ya chitseko chobiriwira, kutsidya kwa msewu? Ndi yake. Miyezi iwiri wakhala akuiyang'ana kudzera m'zitsulozi ngati mkaidi. Mwana wake uja akukwatiwa Loweruka, ndipo diresi anaisiya asanapinde m'munsi. Anati, achimwene, mwana wanga sangavale diresi yomalizidwa ndi munthu wina ine ndili moyo. Ndigwirireni kachibangilika mphindi makumi atatu zokha, kuti kabokosi kasadziwe kuti ndachoka. Ndinamuuza kuti ayi. Anandipempha kawiri. Kachitatu ndinatambasula mwendo."

"Nanga chinabwerera bwanji pamkono pawo?" a Sajeni anafunsa.

A Dalaivala anayang'ana nsalu yotchinga ija, ngati kuti ili ndi makutu.

"Wina anabwera. Anandivundukula bulangete, anamasula lamba, anati mwapha mnzanu, mukatsegula pakamwa mukafera m'ndende."

"Ndani?"

"Bwana, inu mukamaliza mupita kwanu. Ine ndigona pompano. Mankhwala anga, jakisoni wanga, zonse zimadzera m'manja mwa anthu a muno. Ndinamizireni mlandu uliwonse, ndivomera. Koma dzina musandifunse."

Anatembenukira kukhoma, n'kudzifunditsa mpaka kumutu.

*

Atabwerera m'kachipinda ka mabulangete, a Sajeni anatseka chitseko n'kuchitsamira. Munali motentha moti malaya a Mai Batire anamatirira kumsana.

"Pali chimene chikundisokoneza, mayi," anatero. "Munthu wavula chibangili, wapatsa mnzake, mnzakeyo wamanga kumwendo. Wina wadzachimasulanso. Makina anzeru chonchi sazindikira kuti avulidwa?"

Mai Batire anayang'ana laputopu. Inali ndi tsamba limene linkalemba njira ya uthenga uliwonse, kuti chibangili chiti chinanong'oneza chiti, nthawi yanji. Tsamba limenelo likanatha kuonetsa amene anaima pafupi ndi chitseko chachitsulo. Koma pamwamba pa tsamba lomwelo pankalembedwanso chilichonse chimene munthu wasintha m'makinawo, ndi tsiku lake, ndi amene wasintha. Sakanatha kuonetsa m'munsi n'kubisa pamwamba. Anaganiza za ntchito yake, imene anaipeza atakhala pakhomo zaka zitatu. Anaganiza za amayi ake odwala shuga amene ankadalira iyeyo. Akanangoti sindikudziwa, mlandu ukanagwera makina, kapena a Dalaivala.

"Amazindikira, bwana," anatero. "Ankazindikira. Ndinazimitsa ndine, sabata yatha, kuti mabatire azikhalitsa. Sindinauze aliyense wa ku ntchito kwathu."

A Sajeni analemba pang'onopang'ono, osadzutsa mutu. "Mukudziwa kuti zimene mwanenazi zipita ku khothi?"

"Ndikudziwa."

"Ndiye mwaneneranji? Sindikanazipeza ndekha."

"Chifukwa zili tsamba limodzi ndi izi." Anatembenuza laputopu. "Bedi lomaliza, la pafupi ndi chitseko chachitsulo, ndi nambala 12. Mwini wake amagona masana onse chifukwa cha mankhwala, koma chibangili chake sichigona. Kuyambira 2:04 mpaka 2:19 chinkalandira mauthenga kuchokera ku chibangili nambala 21. Mphindi khumi ndi zisanu, osasuntha. Munthu amene ali pansi pa nyumba ino sangamveke kumeneko, bwana. Anali ataima pa chitseko."

"Nambala 21 ndi ya ndani?"

Mai Batire analoza chitseko ndi mutu. Kunja kunkamveka mawu a Matroni akulamula namwino wina kuti asinthe madzi a odwala.

*

A Matroni analowanso chowongoka ngati poyamba. A Sajeni anangowapempha kuti atambasule mkono, anawerenga nambala ya pa chibangili chawo mokweza, kenako anawaonetsa tsamba lija.

"Manambala," a Matroni anatero. "Mukhulupirira manambala a makina amene apha munthu lero?"

"Onaninso mzere uwu, mayi," Mai Batire anatero. "Ndi mtima wanu. Pa 2:04 unali pa 80. Pa 2:10 unafika pa 128, inu mutangoima malo amodzi. Munkamva chiyani?"

A Matroni anayang'ana chibangili cha pamkono pawo ngati akuchiona koyamba. Mapewa aja anagwa.

"Ndinakwera kudzatenga faelo imene ndinaiwala," anayamba, mawu atachepa. "Ndinaona chitseko chili chotsegula. Nditasuzumira, ndinawamva a Telala akukwera, akupuma movutika. Ndinadziwa kuti athawanso, apeza unyolo. Mtima unandipsa. Ndinati lero aphunzire. Ndinaika mpiringidzo, ndikuti akhale mphindi khumi zokha, ndiwatsegulire atachita manyazi."

"Anagogoda?"

"Anagogoda. Ankati, mayi, mayi, ndalapa, tsegulani. Ndinaima pomwepo. Kenako foni inalira, akundifuna ku msonkhano. Podutsa pa tebulo ndinayang'ana kabokosi. Nambala seveni inkaonetsa 72, mtima wabwino kuposa masiku onse. Ndinati ali bwino, angokwiya chabe, ndibwera pompano. Msonkhano unatalika." Anapukuta pamphumi ndi kuseri kwa dzanja. "Nditatsegula, anali atazizira, ndipo pamkono panalibe kanthu. Apo m'pamene ndinadziwa kuti mtima umene ndinaona pa kabokosi sunali wawo."

"Ndiye munakachitenga kwa a Dalaivala, n'kukamveka mtembo."

"Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, bambo. Ndikanauza bwanji anthu kuti ndinamutsekera wodwala panja ngati mwana wopulupudza?"

A Sajeni anatseka kabuku kawo. "Vulani chibangilicho, mayi, ndi umboni. Makiyi a mankhwala musiyire namwino wina. Mupita nane." Anatembenukira kwa Mai Batire. "Inunso. Inu sindikukumangani, koma mawu anu ndikuwafuna olemba, ndi laputopu yomwe."

*

Atatulukira m'khonde, odwala onse anali atakhala tsonga pa mabedi awo. A Matroni anayenda patsogolo, maso ali pansi. Mai Batire anapempha mphindi ziwiri. Anagwada pa tebulo la anamwino, anayatsanso mbali imene anazimitsa ija, n'kulemba pa kapepala kuti mabatire onse asinthidwe pakatha masiku anayi. Ataimirira, anapeza mwana wa a Telala ataima patsogolo pake. A Sajeni anali atamufotokozera kale zonse mwachidule.

"Akuti ankapita kukamaliza diresi yanga," mtsikanayo anatero. Maso anali ofiira koma ouma.

"Inde, achemwali."

"Ndifunse chinthu chimodzi, ndipo musandinyengerere. Chimene munazimitsacho chikanakhala choyaka, bambo anga akanakhala moyo?"

Mai Batire akanatha kunena za unyolo, za mpiringidzo, za msonkhano wotalika. Zonsezo zinali zoona. Koma si zimene anafunsidwa.

"Inde," anatero. "Belu likanalira atangomasula lamba. Akanawagwira asanafike n'komwe pa chitseko."

Mtsikanayo anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene walandira katundu wolemera koma wake ndithu.

"Mukakanene chomwecho ku khothi, ine ndili pomwepo," anatero. "Musakachotse liwu ndi limodzi lomwe."

"Sindikachotsa."

"Chabwino. Pitani, akukudikirani."

Mai Batire anakolekera chikwama paphewa n'kutsatira a Sajeni. Ali pakhomo anacheuka. Mtsikana uja anali atapita pa bedi eyiti. Anakhala m'mphepete mwake, anavundukula bulangete kumutu kwa a Dalaivala, n'kuwagwira dzanja.

"Malume," anatero, "tandiuzeni zonse zimene ananena asanatuluke. Muyambire poyamba."